Zimene zagona pansi pa firiza: mafunso ochokera ku Johannesburg

Mmalawi wa ku Rosettenville, Turffontein, Mayfair, Diepsloot kapena Cosmo City akangopeza ntchito yodalirika, amayamba kuganiza zogula firiza. Nzeru yake ndi yabwino: thumba la nkhuku la makilogalamu 5 limatsika mtengo kuposa kugula pang'onopang'ono pa kagolosale ka spaza. Koma phindu limeneli limatha msanga ngati mwini firiza sakudziwa zimene zili m'katimo.

Funso: Chakudya chaundana kale, ndiye chingawonongeke bwanji?

Yankho: Firiza yabwino imazizira kufika pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Pamenepo tizilombo toyambitsa matenda sitiswana, koma sitifanso ayi, timangogona. Chimene chimatha pang'onopang'ono ndi kukoma. Mpweya wa mu firiza ndi wouma ndipo umayamwa madzi a nyama yosakutidwa bwino, n'chifukwa chake mumaiona ili ndi mawanga otuwa, ndipo mukaiphika imalimba. Mafuta a nsomba nawo amasintha fungo ngakhale ataundana. Nyama yogaya imakoma mpaka miyezi 3 kapena 4, nsomba zamafuta miyezi 2 kapena 3, ziwalo za nkhuku miyezi 9, ndiwo zophika kale miyezi 2 kapena 3. Zikapitirira apo si poizoni, koma ana amazikana, ndipo mapeto ake ndi m'bini.

Funso: Kulemba n'kwa chiyani? Kodi munthu angaiwale zimene anagula yekha?

Yankho: Amaiwala ndithu. Firiza yotsekulira pamwamba ili ngati nkhokwe imene mumangotapa pamwamba n'kuthiranso zatsopano, chimanga chapansi osachifika. Komanso zinthu zikaundana zimafanana: chiwindi, nthutumba ndi nyama yogaya, zonse zimangokhala mibulu yakuda m'mapulasitiki. Wogwira ntchito mpaka usiku amatenga chimene dzanja layamba kukhudza.

Njira yake siifuna ndalama. Musanaike chinthu, lembani pa pulasitiki yake dzina lake ndi tsiku. Matani pepala pa chivundikiro cha firiza, cholembera chimangiriridwe pomwepo ndi ulusi. Cholowa chilembedwe, chotuluka chifafanizidwe. Polemba musati "nkhuku" basi, muziti "nkhuku, zophika 6", chifukwa funso lenileni la m'khitchini ndi lakuti zatsala zophika kangati mwezi usanathe. Zatsopano zipite pansi, zakale zikwere pamwamba.

Thumba lalikulu la nkhuku ligawidwe tsiku lomwelo logula, m'timatumba tokwanira kuphika kamodzi. Nkhuku zoundana za kuno zimathiridwa madzi amchere, ndipo kuyambira mu 2016 lamulo limalola mpaka 15 peresenti pa ziwalo. Mukasungunula thumba lonse kuti muchotsemo ntchafu zitatu n'kubwezeranso zotsalazo, madziwo amakhetseka limodzi ndi msuzi wa nyama, ndipo zotsalazo zimatuluka zouma.

Ine ndimakonda pepala kuposa pulogalamu ya pafoni, chifukwa pepala aliyense amaliona, mlamu ndi mwana yemwe. Kumene mabanja angapo amagawana nyumba ndi firiza imodzi, monga zilili m'mafulati ambiri a ku Yeoville, pa pulasitiki palembedwenso dzina la mwini wake. Mikangano yambiri ya "ndani wadya ndiwo zanga" imayamba ndi mapulasitiki opanda dzina, ndipo chopanda mwini aliyense amaopa kuchikhudza mpaka chimawonongeka. Popita kokagula zinthu, jambulani pepalalo pafoni.

Funso: Nanga magetsi akazima?

Yankho: Kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kumene kampani ya magetsi ya Eskom inayamba mu 2007, n'kufika poipa kwambiri mu 2023, nthawi zambiri kunkatenga maola awiri kapena anayi. Firiza yosatsekulidwa imapirira maola amenewo popanda vuto. Yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, yodzaza theka pafupifupi 24. Kuzimitsa kotereku kunachepa kuyambira mu Marichi 2024, koma choopsa chidakalipo: nthambo zikabedwa kapena transifoma ikapsa, dera lonse limatha masiku likudikira amagetsi a City Power kapena Eskom. Apa pepala lija limapulumutsa zambiri, chifukwa simutsekula kuti muone, mumatsekula kamodzi mukudziwa chimene mukufuna. Mipata yopanda kanthu idzazeni ndi mabotolo a madzi oundana, osawadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akamaundana amafufuma.

Funso: Nyama yosungunuka ingabwezeredwenso?

Yankho: Ngati idakali ndi timibulu ta madzi oundana, kapena ikuzizira ngati yochokera mu firiji, ibwezereni, ngakhale kukoma kuchepako. Ngati yafunda kwa maola oposa awiri, itayeni, ndipo musadalire mphuno. Anthu a kuno sanaiwale matenda a listeriosis a mu 2017 ndi 2018, amene anagwira anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, ambiri mwa odwalawo a m'chigawo cha Gauteng. Gwero lake linapezeka m'poloni. Kachilombo kake sikanunkhitsa chakudya, kamaswana ngakhale mu firiji wamba, ndipo firiza siikapha. Chimene chimakapha ndi moto. Amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ndiwo ali pangozi kwambiri. Posungunula nyama, isiyeni m'mbale mu firiji usiku wonse, osati padzuwa.

Funso: Zakumudzi zobwera pa basi nazo zilowe mu firiza?

Yankho: Usipa, utaka ndi matemba zouma bwino zimakhalitsa mu firiza osagwa tizilombo, bola muzimange kawiri kuti fungo lisalowe mu buledi. Ufa ndi mpunga wa Kilombero zikakhalamo sabata imodzi, anankafumbwe amafa. Kenako zichotseni, malo n'ngochepa. Bonongwe, nkhwani ndi chisoso ziviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri, ziziziritseni, finyani, ndiyeno ikani. Wogula bokosi la tomato ku msika wa City Deep aphikiretu theka lake n'kuligawa m'timabakuli.

Funso: Kodi zotayidwa ndi banja limodzi n'zodandaulitsa?

Yankho: Kafukufuku wa bungwe la CSIR wa mu 2021 anapeza kuti South Africa imataya chakudya chokwana matani 10.3 miliyoni pachaka. Chambiri chimatayika chisanafike m'nyumba zathu, m'minda, m'mafakitale ndi m'misika, choncho mlandu wonse si wa mayi wophika. Komabe chathu chimene kampani yotolera zinyalala ya Pikitup imanyamula chimakaolera kumalo otayirako zinyalala ngati Robinson Deep, pafupi ndi Turffontein pomwepa, n'kumatulutsa mpweya wa methane. Ndipo kwa amene amatumiza ndalama ku Mangochi kapena ku Mzimba mwezi ndi mwezi, nkhuku yotayidwa ndi ndalama imene ikanathandiza pa feteleza.

Funso: Tikamapita kumudzi mu Disembala, firiza tiisiye bwanji?

Yankho: Yambani kuwerenga pepala lanu kumayambiriro kwa Novembala, musiye kugula nyama, mudye zimene zilipo kuyambira zakale. Zotsala gawirani anansi, kenako zimitsani, tsukani, ndipo chivundikiro muchisiye chotsekula pang'ono kuti musachite nkhungu. Ngati simungachitire mwina koma kuisiya yoyaka, thirani mayunitsi a magetsi okwanira mu mita, kiyi musiyire munthu wodalirika, ndipo muikemo kapu ya madzi oundana yokhala ndi khobidi pamwamba. Mukabwera mu Januwale n'kupeza khobidilo lili pansi pa kapu, dziwani kuti zonse zinasungunukapo, ndipo nyamayo musaidye.