Kosamukira kwatha ku Mulanje

Mu 2013 Peter Turchin ndi akatswiri anzake anaika mapu a Africa, Ulaya ndi Asia mu kompyuta, n'kuwagawa m'timabokosi. Anaiuza zinthu zochepa chabe: kumene kunali alimi, kumene kunali mapiri, ndi kumene kunkayendayenda abusa okwera akavalo. Kenaka anaisiya kuti iwerengere yokha zaka 3,000, kuchokera 1500 BC kufika 1500 AD. Zimene inatulutsa zinagwirizana ndi mbiri yeniyeni pa magawo 65 mwa 100: maufumu aakulu anamera pamene anthu okhazikika ankagundana ndi oyendayenda. Wolemba mbiri Ibn Khaldun anali ataona kale zofanana nazo mu 1377.

Masamu amenewa sangagwire ntchito ku Mulanje momwe alili, chifukwa kuno kunalibe akavalo ankhondo. Koma funso lake ndi lathu lomwe: obwera akakumana ndi eni nthaka, n'chiyani chimaweruza kuti akhalirane kapena wina agonje? Katswiri wina, Robert Carneiro, anayankha mu 1970 kuti ndi malo othawirako. Pakakhala thengo, wogonja amanyamula mbewu zake n'kukaswa mphanje kwina. Malo akatsekeka ndi phiri, nyanja kapena chipululu, wogonja amakhala pomwepo n'kumagwirira ntchito womugonjetsa.

Mbiri ya Mulanje ndi ya thengo limene linkachepa m'badwo ndi m'badwo. Akafula, amene agogo amawatchula kuti Amwandionerapati, ankakhalira kusaka ndi kutola zam'tchire, ndipo moyo wotere umafuna nkhalango yaikulu kwa anthu ochepa. Alimi a Chimang'anja atachuluka, moyo umenewo unazimirira. Nawonso Amang'anja sanali okhazikika kwenikweni, chifukwa munda ukaguga ankausiya tsala n'kusunthira patsogolo. Kuwerengera kwake n'kosavuta: banja lolima munda zaka zitatu n'kuupumitsa zaka 15 limafunika malo kasanu ndi kamodzi kuposa amene likulima chaka chimenecho. M'ma 1860 kunafika Ayao ndi mfuti ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu analamulira njira zopita ku Quelimane. Angerezi anamanga Fort Lister mu 1893 kuti atseke njira imodzi mwa izo.

Chimene chinasintha masamu onse si nkhondo ayi, ndi mapepala a malo. M'ma 1890 azungu anayamba kudzala tiyi ku Thornwood ndi ku Lauderdale, ndipo nthaka yabwino ya kummwera kwa phiri, kumene mvula imagwa yambiri, inaikidwa malire osasuntha. Nthawi yomweyo Alomwe anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Obwera akale ankapempha malo kwa mfumu n'kupatsidwa. Koma ambiri mwa Alomwe anapeza malo ali ndi mwini wake wa pepala, ndipo mtengo wokhalapo unali thangata, amene anatha mwalamulo mu 1962. Zimene Carneiro ananena zinachitika ndendende: phiri mbali iyi, esiteti mbali iyo, malire a dziko ku Muloza. Othawa nkhondo ya ku Mozambique atadzaza boma lino m'ma 1980, analandiridwa ndi abale olankhula nawo chinenero chimodzi, koma thengo lowapatsa linali litatha kale.

Ziwerengero za masiku ano n'zolemetsa mtima. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 520,000 m'boma la Mulanje, ndipo wa 2018 anapeza 684,107. Kukwera kotereku, pafupifupi 2.7 pa 100 chaka chilichonse, kumatanthauza kuti anthu amachuluka kawiri pa zaka 26 zokha. Ndi anthu oposa 300 pa sikweya kilomita, tisanachotseko phiri ndi minda ya tiyi. Pa chikamwini munda wa mayi umagawidwa kwa ana ake aakazi. Mayi wa mahekitala awiri akakhala ndi ana aakazi atatu, aliyense alandira gawo losafika hekitala imodzi. Nawonso akabereka atatuatatu, mdzukulu atsala ndi kachigawo kosafika kota ya hekitala. Pa kamunda kotere palibenso za tsala. Chimanga chaka ndi chaka, fetereza akapezeka.

Katswiri wina, Ester Boserup, analemba mu 1965 kuti kuchuluka kwa anthu kumakakamiza alimi kulima mwanzeru, ndipo penapake zimaonekadi, monga kwa alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi a nanazi. Koma ine ndikuona kuti nzeruzo zikuchedwa poyerekeza ndi liwiro la kugawikana kwa minda. Otsala opanda malo ndiwo oyendayenda atsopano: aganyu ofuna malo olima ku Milange, anyamata a kabaza ku Limbe, ena ku Joni. Ena akwera phiri ndi nkhwangwa ndi macheka. Nkhalango ya phirili inatetezedwa ndi lamulo mu 1927, koma kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo isanu ndi iwiri yokha ya mkungudza yokhwima, mtengo umene tinausankha kukhala wa fuko. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, napolo anatsika m'mapiri n'kukwirira midzi ya m'munsi, momwe anthu anamanga chifukwa chosowa kwina.

Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ulemu umenewo sunawonjezere ngakhale ekala imodzi kwa mlimi wa ku Chambe kapena kwa Mabuka. Khonsolo ya boma, mafumu, eni maesiteti ndi akatswiri a masamu a ku yunivesite ya MUST ndi ya ku Zomba akhale pansi awerengere, mudzi ndi mudzi, malo amene atsala, anthu amene akubwera m'zaka 26 zikudzazi, ndi ntchito zosadalira khasu zimene ziyenera kutsegulidwa kuti mabanja amenewo adye.