Nyumba Yakale Musaigwetse: Tisunge Mbiri ya Kwathu

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa ndi Mlangizi wa za Ulimi wa m'boma la Ntcheu

Masiku onse ndikadza pano ndimakamba za mizere, za manyowa ndi za nkhokwe. Lero ndikamba za nkhokwe ya mtundu wina, yosungiramo mbiri ya mudzi. Ena amaitcha myuziyamu, koma ife tingoti nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Chifukwa chake ndi ichi. Mlimi akagulitsa kachewere wake pa Lizulu kapena pa Tsangano, amagula malata, naumba njerwa, namanga nyumba yatsopano. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo tonse tikuchifuna. Koma tsiku limene alowa m'nyumba yatsopanoyo, yakale ija amaigwetsa, phaso ndi nsichi nasandutsa nkhuni. Mphero imatayidwa kuseri, chishango cha agogo chimadyedwa ndi makoswe, makalata akale amayatsira moto. Pakapita zaka zochepa nkhalamba imene inkadziwa nkhani ya zinthu zimenezi imamwalira, ndipo palibenso woti timufunse. Chimanga chikatha m'nkhokwe tidzalima china chaka cha mawa, koma mbiri ikatayika palibe munda umene ingamerenso.

Kodi Ntcheu ali ndi mbiri yotani?

Mwina wina anganene kuti kwathu kuno kulibe kanthu koyenera kusunga. Tamverani. Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera kwa Africa, naoloka Zambezi, nayenda ndi mfumu yawo Mputa kufikira ku dera la Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pobwerera anatsogoleredwa ndi Chidyaonga, nakhazikika ku phiri la Domwe, tsidya la malire ku Mozambique. Pambuyo pake analamulira Chikuse, ndipo mwana wake, Gomani woyamba, anaphedwa ndi asilikali a boma la Britain mu 1896. Chipilala cha pa manda ake chilipo, ndipo Angoni amasonkhana pafupi nacho ku Nkolimbo chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano.

Mu 1901 ansembe a Montfort anatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno pa Nzama, kwa mfumu Njobvuyalema. Palinso mishoni zina zakale, monga Livlezi, Dombole, Gowa ndi Mlanda, kumene agogo athu ambiri anaphunzira kulemba ndi kuwerenga.

Ngakhale ntchito yathu ya ulimi ili ndi mbiri yake. Mu 1953 Inkosi Gomani yachiwiri, Philip, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti asatsate malamulo a malimidwe amene boma linkakakamiza nthawi imeneyo. Boma linaichotsa pa mpando. Inathawira ku dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Ana amene anaona zimenezi ndi maso lero ndi nkhalamba za zaka zoposa 80. Kodi mwawafunsa?

Mayi wina wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, nalemba buku lotchedwa The Ngoni of Nyasaland, limene linatuluka mu 1956. Ngati mlendo anaona kuti miyambo yathu ndi yoyenera kuilemba, nanga ife eni ake?

Anzathu anachita bwanji?

Wotsika pa Khwekhwerere kuchokera kwa Masasa, nafika pa Golomoti, satalikira ndi mishoni ya Mua, m'boma la Dedza, imene inatsegulidwa mu 1902. Pamenepo Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Poyamba inali ntchito yophunzitsa anthu kusema. Pang'onopang'ono anasonkhanitsa zinthu ndi nkhani zochokera kwa akuluakulu a m'midzi, kufikira anamanga nyumba ya Chamare, yoonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Sukulu iliyonse ya m'boma lathu imene ingathe kupeza galimoto ipite ndi ana kukaona.

Ku Blantyre kuli nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, imene ikali chiimire chifukwa anthu sanaleke kuisamala. Ku Livingstonia, nyumba ya miyala imene ankakhalamo Dotolo Robert Laws anaisandutsa yosungiramo zakale. Koma chitsanzo choyenera ife chili pa Namaka, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Pamenepo pali kanyumba kakang'ono kamene ankapumuliramo amtengatenga, anthu onyamula makalata pansi. Kanyumbako sanakagwetse, koma anaikamo zinthu zoonetsa mmene makalata ankayendera kale. Chotero muone kuti sipafunika nyumba yaikulu kapena chuma chambiri. Chofunika ndi anthu ogwirizana.

Poyambira pake

Mutu umodzi susenza denga. Nkhani iyambire pa bwalo la mfumu, pakuti malo ndi a mfumu ndipo mbiri ndi ya anthu onse. Sankhani kabungwe ka anthu owerengeka: nkhalamba ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, mphunzitsi, wina wa ku mpingo kapena ku mzikiti, ndi achinyamata odziwa kulemba. Amayi asasiyidwe, popeza nkhani za mbewu, za mbiya, za chinamwali ndi za maukwati amazisunga ndi iwo.

Kenaka yendani m'mudzi ndi kuyang'ana nyumba zakale zimene zatsala. Ingakhale nyumba yozungulira ya mitengo ndi dothi, nyumba ya mdindo, sukulu yakale ya mishoni, kapena sitolo imene inatsekedwa. Sankhani imene zipupa zake zikali zolimba ndipo ili pa malo osadikha madzi. Pemphani eni ake mwaulemu, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe pamaso pa mfumu ndi mboni, kuti ana awo asadzautse mlandu m'tsogolo.

Pokonza nyumbayo musaisinthe maonekedwe. Pamene panali dothi mubwezerepo dothi, pamene panali luzi mumangenso ndi luzi. Musapake simenti pa chipupa cha dothi, chifukwa simenti imatsekera chinyontho m'kati, dothi limafewa kuseri kwake, ndipo tsiku lina chipupa chimagumuka osakuchenjezani. Itanani amisiri okalamba kuti afolere ndi kumata, anyamata akhale pambali pawo kuwathandiza. Mwa njira imeneyi mwasunga nyumba, mwasunganso luso lomangira.

Adani atatu a nyumba yakale

Mdani woyamba ndi madzi. Nyumba ya dothi imafa ndi kumutu ndi kumapazi. Denga likhale lotsetsereka bwino, udzu wake wokhwima, wouma ndi wochindikala, ndipo litulukire kunja kokwanira kuti mvula isamenye chipupa. Kwezani khonde ndi kulizira chaka ndi chaka, ndipo kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi, monga muchitira ndi mlambala m'munda wa pa phiri. Kuno kwathu malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo madzi saiwala khwawa. Ntchito zimenezi zithe mvula yoyamba isanagwe.

Mdani wachiwiri ndi chiswe. Chiswe chimakonda mdima, chinyontho ndi malo osafikako munthu. Musaike kanthu pansi kapena kutsamiritsa ku chipupa. Pangani thandala, ndipo pakati pa thandala ndi chipupa pakhale mpata woti munthu aone. Chotsani zitsa ndi zinyalala kuzungulira nyumba. Sabata iliyonse munthu mmodzi asese ndi kuyang'ana nsichi ndi phaso. Akaona kanjira ka dothi kokwera m'chipupa, akagumule pomwepo ndi kulondola kumene kachokera. Nsichi yodyedwa ichotsedwe msanga isanapatsire zinzake.

Mdani wachitatu ndi moto. Udzu ukayamba kuuma lambulani kuzungulira nyumba, monga muchitira ku manda ndi ku nkhalango ya mudzi. M'nyumbamo musasonkhe moto, musalowe ndi fodya woyaka, ndipo osaka mbewa auzidwe kuti asatenthe tchire pafupi.

Zoika m'katimo

Musafune zinthu zodabwitsa zokha. Khasu losula pamanja, nsompho, mvukuto, mphero, mtondo ndi munsi, lichero, mtsuko, chipanda, nyanda, chishango, nthungo, chibonga, goli la ng'ombe, sileti la pa sukulu, chiphaso cha msonkho, chitupa cha amene anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, zonsezi ndi mbiri.

Koma chinthu chopanda nkhani yake chili ngati thumba la mbewu losalembedwa dzina. Gulani buku lolimba. Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala, ndipo m'bukumo mulembe dzina lake, amene anachipanga, amene ankachigwiritsa ntchito, mudzi wake, nthawi yake, ndi amene wachibweretsa. Mulembenso ngati wapereka kapena wangobwereketsa. Nambalayo ilembedwe pa kapepala komangirira ndi ulusi, osati ndi utoto pa chinthucho. Buku lachiwiri lofanana nalo likhale kwa mfumu kapena ku sukulu.

Kasamalidwe kake nkosavuta. Zachitsulo muzipukute ndi nsalu youma ndi kupakako mafuta pang'ono kuletsa dzimbiri, koma musazinole kuti ziwale. Zikopa muziyanike pa mthunzi popita mphepo, pakuti dzuwa limaziumitsa nizisweka. Mapepala ndi zithunzi zikhale m'bokosi lachitsulo pa thandala, ndipo muzijambule ndi foni kuti chimodzi chikaonongeka chinzake chitsale. Dengu kapena chosema chikayamba kutulutsa ufa, dziwani kuti chafumbwa. Chipatuleni pa zinzake, chiume bwino, ndipo muchitsekere kwa milungu ingapo m'thumba losalowa mpweya, longa limene tikukulangizani kusungiramo chimanga.

Mbewu za makolo

Pano ndilankhule monga mlangizi. Mbewu nayonso ndi chinthu chakale, koma yosiyana ndi khasu, chifukwa ili ndi moyo ndipo ikakhalitsa osadzalidwa imafa. Chotero pambali pa nyumbayo pakhale kamunda. Dzalanimo mawere, mapira, nzama, khobwe, kalongonda, maungu ndi chimanga cha makolo, ndipo mulembe maina ake monga amazitchulira amayi a m'mudzimo. Chimanga cha makolo chitalikirane ndi minda ya chimanga cha makono, chifukwa mphepo imanyamula ufa wa ku ngayaye ndi kusakaniza mitundu. Mapira ndi nzama zimapirira chilala, ndipo m'chaka cha mvula yochepa kamunda kameneka kangadzakhale kothandiza mudzi wonse. Mangani pomwepo nkhokwe ya nsungwi ndi kakhola, kuti ana aone mmene mudzi wa Angoni unkakhalira, ng'ombe zili pakati, nyumba zitazungulira.

Mawu a okalamba

Mawu a akulu akoma akagonera, koma sagonera ngati palibe wowasunga. Pitani kwa nkhalamba ndi ulemu, pa nthawi imene iyo yasankha, ndipo pemphani chilolezo musanajambule mawu ake. Funsani funso limodzi, mukhale chete, musaidule pakamwa. Funsani za njala ya 1949, za chibalo cha msonkho, za maina a mitsinje ndi mapiri, za mifunda ndi kumene inachokera. Chingoni chinatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu otamanda mafumu, choncho woimba aliyense wokalamba afunsidwe tanthauzo la zimene amaimba. Lembani dzina la wolankhula ndi tsiku. Nkhalamba ziwiri zikasiyana pa nkhani imodzi, lembani zonse ziwiri. Ntchito yanu ndi kusunga, si kuweruza mlandu wa ufumu.

Chenjezo

Zilipo zinthu zosayenera kuonetsedwa poyera, monga za ku dambwe, za ku chinamwali ndi za pa maliro a mafumu. Zimenezi musazikhudze popanda mawu a eni mwambo. Musakumbe manda kapena m'mapanga pofuna zakale. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, lotchedwa Monuments and Relics Act. Mukapeza mbiya zokwiririka, ng'anjo yakale kapena zojambula pa thanthwe, zonga za ku Chongoni zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake mu 2006, musasunthe kanthu, koma kauzeni mfumu ndi a ku ofesi ya DC, kuti adziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Chenjeraninso ndi anthu oyenda m'midzi kugula zakale. Ndalama yawo idzatha pa tsiku limodzi la msika, koma chishango cha agogo sichidzabweranso.

Tsono, abale anga, ntchito ya sabata ino ndi yaing'ono. Mafumu, tchulani nkhaniyi pa bwalo. Aphunzitsi, tumani mwana aliyense kukafunsa kwawo chinthu chimodzi chakale ndi nkhani yake. Ndipo inu amene mwagula kale malata, mangani nyumba yanu yatsopano pambali, yakaleyo muyambe mwaileka kufikira anzanu ataiona. Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kakonzedwe ka nkhokwe tisanayambe kukolola.