MANKHWALA OLIMBITSA MAFUPA: NDANI AMAYAMBA KUWALAWA?

M'makomboni a Maramba, Dambwa ndi Libuyu muno mu Livingstone, monganso m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Petauke, si cacilendo kuona gogo amene pa utsikana wake anali wamtali ndi woongoka ngati bango, koma lero wafupika ndipo msana wawerama. Tsiku lina gogo wotere amaterereka pang'ono pa khomo la bafa kapena pa dziwe, nagwa kagwedwe koti mwana angadzuke ndi kuseka, koma iye fupa la m'ciuno lathyoka. Ambiri timangoti, "Ndi ukalamba." Madokotala akuti nthawi zambiri amenewa ndi matenda, ndipo dzina lake ndi osteoporosis, ndiko kuti kufumbwa kwa mafupa.

Maiko ena ali nao mankhwala amphamvu ocepetsa vuto limeneli. Koma mankhwala alionse atsopano, asanafike pa dzanja la wodwala, pamakhala munthu wina amene anayamba kuwalandira m'thupi mwake pamene panalibe wodziwa bwino cimene adzacita. Pa mankhwala a mafupa, munthu ameneyo kawirikawiri amakhala wacikulire amene sadwala konse. Nkhani yathu ya sabata ino ikufotokoza za anthu amenewa, cimene kuyesa koyambako kumaulula, ndi cimene sikungathe kuulula.

MZATI WOFUMBWA

Fupa si mwala. Ndi camoyo, ndipo m'kati mwake muli magulu awiri a anchito aang'onoang'ono osaoneka ndi maso. Gulu lina limagumula fupa lakale, lina limamanga latsopano pamalo pomwepo. Pa unyamata omanga amaposa ogumula, ndipo mafupa amafika pa mphamvu yao yonse munthu akamayandikira zaka 30. Pambuyo pake ogumula amayamba kupambana pang'onopang'ono. Kwa amai zinthu zimafulumira akasiya kusamba, cifukwa thupi limacepetsa mphamvu ya cikazi imene inali kuteteza mafupa.

Mlimi aliyense amadziwa mzati wa nkhokwe umene kunja ukuoneka wabwino, koma m'kati unafumbwa kale, ndipo umathyoka tsiku limene nkhokwe yadzaza. Fupa lodwala liri cimodzimodzi. Silipweteka, silitupa, silicenjeza. Limangothyoka, makamaka pamsana, m'ciuno ndi pamfundo ya dzanja. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati pa dziko lonse, mai mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50, ndi bambo mmodzi mwa asanu, adzathyoka fupa cifukwa ca matendawa. Fodya, mowa wambiri, kuonda kwambiri, kumwa mapiritsi a prednisolone kwa nthawi yaitali, ndiponso kacirombo ka HIV, zonsezi zimaonjezera ngozi.

NZERU INACOKERA KU SOUTH AFRICA

Citsanzo cabwino ca ulendo wa mankhwala otere cinayambira kufupi ndi kwathu. Pakati pa azungu a mtundu wa Afrikaner ku South Africa pali mabanja ocepa amene ana ao ena amabadwa ndi matenda osowa ochedwa sclerosteosis. Mafupa ao amangokulirakulira ndi kukhuthala, mwakuti kuthyoka n'kovuta kwambiri. Koma limeneli si dalitso ai, cifukwa cigaza cikakhuthala cimafinya mitsempha, munthu nagontha makutu, nkhope nipotoka, ndipo ena amafa mwadzidzidzi. Profesa Peter Beighton wa ku University of Cape Town anafufuza mabanja amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1970.

Mu 2001 akatswiri anapeza gwero lake. Thupi la munthu limapanga kanthu kochedwa sclerostin, kamene nchito yake ndi kuuza omanga fupa aja kuti aleke. Odwala a ku South Africa aja alibe kanthu kameneka, motero omanga ao sapuma. Apa akatswiri anaganiza motere: ngati tingamange manja a sclerostin kwa miyezi yowerengeka cabe mwa munthu wa mafupa ofumbwa, kodi fupa lake silingamangidwenso? Makampani a Amgen ndi UCB anapanga jekeseni wocita zimenezi, amene poyamba anali ndi nambala cabe, AMG 785, ndipo pambuyo pake anachedwa romosozumab. Anauyesa pa makoswe ndi pa anyani, ndipo mafupa a nyamazo analimba. Koma khoswe si munthu.

ANTHU 72 OYAMBA

Pa kuyesa koyamba kwa pa anthu, kumene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2011, panasankhidwa anthu 72 athanzi, amuna pamodzi ndi amai amene anasiya kusamba. Mwina owerenga angafunse kuti, nanga bwanji kubaya munthu wosadwala? Yankho lake n'lakuti pa sitepe imeneyi funso silikhala lakuti kodi mankhwala akucizadi. Funso limakhala lakuti kodi thupi liwalandira, ndipo mlingo wake wosavulaza ndi uti. Munthu amene ali kale ndi matenda atatu akadandaula mutu kapena mseru, dokotala sangadziwe ngati colakwa ndi mankhwala kapena matenda akalewo. Wathanzi akadwala, cala cimaloza mankhwala.

Nanga bwanji acikulire, osati anyamata? Cifukwa mankhwalawo akonzedwera acikulire. Impso ndi ciwindi za munthu wa zaka zambiri sizicotsa mankhwala m'thupi mwa liwiro la mnyamata, ndipo mafupa a mai wosiya kusamba sacita monga a mtsikana.

Anthu 72 aja anagawidwa m'timagulu. Kagulu koyamba kanalandira mlingo wocepetsetsa, madokotala nadikira, napima magazi, mtima ndi ciwindi. Ataona kuti zonse ziri bwino, kagulu kotsatira kanalandira woposerapo, mpaka mlingo wotsiriza unaposa woyamba nthawi 100. Aliyense anabayidwa kamodzi kokha. Pa anthu anai alionse, atatu analandira mankhwala enieni, mmodzi nalandira jekeseni wopanda mankhwala, ndipo iwo eni ngakhale madokotala owapima sanali kudziwa kuti ndani walandira uti. Ici cimacitika kuti mantha kapena ciyembekezo ca munthu cisasokoneze zoona.

Ena anawatsatira kufikira masiku 85. Magazi anaonetsa kuti kumanga fupa kwakwera ndipo kugumula kwatsika. Mwa olandira mlingo waukulu, kulimba kwa mafupa a msana kunakwera ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse. Palibe anamwalira, koma munthu mmodzi anadwala kutupa kwa ciwindi kumene madokotala anati n'kwakukulu ndipo kunadza ndi mankhwalawo. Anacira. Munthu ameneyu anabwera ali bwinobwino, ndipo sanali kufuna ciritso liri lonse. Uwu ndiwo mtengo umene oyamba kulawa amalipirira ena tonsefe.

Kudikira pakati pa kagulu ndi kagulu si mwambo wacabe. Mu March 2006, ku London, amuna asanu ndi mmodzi athanzi anapatsidwa mankhwala ena atsopano, osati a mafupa, ochedwa TGN1412, wina pambuyo pa mnzake patangopita mphindi zocepa. Onse anadwala mwakayakaya tsiku lomwelo, ziwalo zao za m'kati zitayamba kulephera. Anapulumuka, koma ena analemala. Kucokera pamenepo malangizo anakhwimitsidwa, kuti pa mankhwala okayikitsa ayambe munthu mmodzi yekha, ena adikire.

ZIMENE ANTHU OCEPA SANGAONETSE

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu 72 angaonetse vuto limene limagwera ambiri, koma vuto logwera munthu mmodzi pa 200 lingabisale osaoneka. N'cifukwa cake pali sitepe yaciwiri ndi yacitatu. Pa yaciwiri, romosozumab anayesedwa pa amai 419 a mafupa ofooka. Pa yacitatu, imene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, panali amai 7,180 odwaladi osteoporosis. Caka cimodzi citatha, pa amai 1,000 alionse olandira mankhwala, 5 okha ndiwo anathyoka fupa la msana mwatsopano, pamene mwa osalandira anali 18. Inali nkhani yokondweretsa.

Koma mu 2017 kafukufuku wina wa amai 4,093, woyerekeza jekeseniyu ndi mapiritsi akale a alendronate, anaulula cimene cinabisala. M'caka coyamba, pa 1,000 alionse obayidwa romosozumab, amai 25 anagwidwa ndi matenda akulu a mtima kapena a mitsempha ya magazi, pamene mwa akumwa mapiritsi anali 19. Motero pamene Japan, America ndi maiko a ku Ulaya analoleza mankhwalawa mu 2019, pa dzina la Evenity, ku America anawaikira cenjezo lalikulu lakuti asapatsidwe kwa munthu amene anadwala mtima kapena sitiroko m'caka capitaco. Amaperekedwa kamodzi pa mwezi kwa miyezi 12 yokha.

Mankhwala ena sanafike n'komwe. Kampani ya Merck inayesa mapiritsi a odanacatib pa amai oposa 16,000. Anacepetsadi kuthyoka kwa mafupa, koma anaonjezera sitiroko, ndipo mu 2016 kampaniyo inawasiya pambuyo pa zaka zambiri za nchito. Ndithudi cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala kupambana pa sitepe yoyamba sindiko kuti atsimikizidwa. Angololedwa kupita pa sitepe yotsatira.

NANGA KUNO KWATHU?

Kuyesa kwa romosozumab kumene tafotokoza kunayambira kunja, koma kafukufuku wa mankhwala si mlendo mu Zambia. Kuyambira mu 2021, ku Lusaka ndi ku Harare kunacitika kafukufuku wochedwa VITALITY, woona ngati vitamini D ndi kashiamu zingalimbitse mafupa a acinyamata oposa 800 a zaka 11 mpaka 19 amene ali ndi HIV. Muno mu Livingstone muli cipatala cacikulu ca Livingstone University Teaching Hospital ndi sukulu ya udokotala ya Mulungushi University, ndipo kumene madokotala amaphunzitsidwa, kafukufuku sakhala patali.

Anthu a Cigawo ca Kumwera amakumbukiranso za ku Mazabuka. Mu December 2009 kunalengezedwa kuti mankhwala opaka a PRO 2000, amene anayesedwa pa amai a kumeneko ndi a maiko ena atatu, sanateteze ku HIV. Panabuka mkwiyo waukulu, ena poganiza kuti mankhwalawo ndiwo anapatsa amai kacirombo, ngakhale kuti ofufuza anafotokoza kuti sizinali tero. Nkhaniyo inaonetsa kuti kafukufuku amene anthu ozungulira sanamumvetse bwino amabala mphekesera ndi cidani.

Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo awiri ofunika. Lina linabala bungwe la National Health Research Authority, loyang'anira kafukufuku yense wa za umoyo. Lina linabala Zambia Medicines Regulatory Authority, imene ambiri amaidziwa kuti ZAMRA, yololeza mankhwala kuyesedwa ndi kugulitsidwa m'dziko muno. Palibe woyenera kuyesa mankhwala pa munthu popanda cilolezo ca mabungwe amenewa ndi ca komiti yoona kuti oyesedwa sakuponderezedwa.

Citetezo cimeneci cifunika kwambiri kwa okalamba. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga, kapena yosungidwa ndi ena, kaya kwa mwana wake kaya m'nyumba ya okalamba monga ya Maramba Old People's Home, imavutika kunena kuti "ai" kwa munthu wovala khoti loyera. Mwambo wathu umatiphunzitsa kulemekeza dokotala ndi mfumu. Koma pa nkhani ya thupi la munthu wamkulu wa maganizo abwino, mau otsiriza ndi a mwini thupi. Mfumu ingalole ofufuza kulowa m'mudzi, mwamuna kapena mwana angapereke uphungu, koma sangavomere m'malo mwake.

MUKAPEMPHEDWA, FUNSANI

Ngati inu kapena kholo lanu mwapemphedwa kulowa kafukufuku wa mankhwala, muli ndi ufulu wouzidwa zonse m'cilankhulo cimene mumamva, kaya Cinyanja, Citonga kapena Cilozi. Funsani kuti mankhwalawo ali pa sitepe iti, ndipo ayesedwa kale pa anthu angati. Funsani zovuta zimene zaoneka kale. Funsani amene adzakucizani ndi kulipira mukadwala nao. Pemphani kuona kalata ya cilolezo ca Boma, ndipo pepala limene mwasaina kapena kudindapo cala mutenge lanu kunyumba. Wosadziwa kuwerenga akhale ndi mboni imene si wanchito wa ofufuzawo. Mungakane, ndipo mungaleke pakati, popanda kutaya thandizo lanu la masiku onse ku cipatala. Ndalama ya ulendo ndi cakudya ndi yobwezera zimene mwataya, si yogulira thupi lanu.

Cenjeraninso ndi ogulitsa m'misika ndi m'mabasi amene amanyamula mabotolo a "mankhwala atsopano a mafupa". Ngati mankhwala opangidwa ndi akatswiri anafuna amai zikwi zambiri kuti ngozi yake ya mtima ioneke, nanga botolo losadziwika kumene lacokera layesedwa pa yani?

Pakali pano zoteteza mafupa zambiri ziri pakhomo pathu: kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka ndi mabisi, ndiwo za masamba monga bondwe ndi cibwabwa, kuwothera dzuwa, kuyenda ndi kugwira nchito zolimbitsa thupi, kuleka fodya ndi kacasu. Salazani pakhomo ndi pa bafa pamene gogo amaponda, ndipo usiku pakhale nyali. Wacikulire akathyoka fupa pa kagwedwe kakang'ono, kapena akayamba kufupika ndi kumva msana, pitani naye ku cipatala mukachule dzina la matendawa, mufunse ngati mafupa ake angapimidwe. Paja safunsa anadya phula.