MPHUNO YA NJINGA YA MOTO



Pamene Abambo a Montfort anakhazika misyoni ya Nzama m'chaka cha 1901, ndi Abambo a White Fathers misyoni ya Mua m'chaka cha 1902, ulendo wa kwa odwala unali wa pansi, wa pa machila, kapena wa pa njinga yopalasa. Lero zinthu zasintha. Wansembe akamka kukadzoza wodwala, mphunzitsi akamka kukachititsa mapemphero ku mudzi wakutali, mai wapakati akathamangira naye ku chipatala usiku, kawirikawiri chowanyamula ndicho njinga ya moto. Mabanja ambiri agulitsa fodya, mtedza ndi mbuzi kuti agule njinga ya kabaza, ndipo nsima ya pa khomo ichokera pamenepo. Chifukwa chache mwezi uno tifuna kukamba za kanthu kakang'ono ka pa njingayo kamene ambiri akanyoza, ndiko kapaipi kakuda kotuluka pa injini, kamene amakaniko akatcha breather. Ife pano tikatcha mphuno ya injini.

INJINI IPUMIRANJI?

M'kati mwa injini muli chitsulo chonga chikho chobvundikira, dzina lache pisitoni, chimene chikwera ndi kutsika m'silinda monga munsi mu mtondo. Pamwamba pache petulo wosanganizidwa ndi mpweya apsa, nakankhira pisitoni pansi. Pansi pache pali chipinda chotsekeka, ndiyo mimba ya injini, m'mene mukhala oilo ndi kiranki yozungulira. Injini ya mtundu umenewu, imene itentha petulo kamodzi kiranki ikazungulira kawiri, anaikonza Nicolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876. Ndipo m'chaka cha 1885 Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach anamangirira injini ya petulo pa njinga yamatabwa, imene ambiri aiyesa kholo la njinga za moto.

Tsono mimba ija ifuna popumira pa zifukwa ziwiri. Choyamba nchakuti pisitoni ikatsika malo a m'mimbamo achepa, ikakwera malo akula. Pa injini ya silinda imodzi ya 125 cc, kutsika kumodzi kukankha mpweya wokwana 125 cc, ndilo gawo limodzi la magawo 8 a lita. Injini ikamazungulira ka 6000 pa mphindi, zimenezi zichitika ka 100 pa sekondi imodzi.

Chachiwiri nchakuti maringi a pa pisitoni, angakhale atsopano, satseka kotheratu. Petulo akapsa, utsi pang'ono upulumuka m'mbali mwa maringi nutsikira m'mimba. Utsiwo utenga petulo wosapsa ndi nthunzi ya madzi. Musadabwe za madziwo: lita imodzi ya petulo ikapsa ibala madzi pafupifupi lita imodzinso; ambiri atuluka ku ekizozi ngati nthunzi, koma ena alowa m'mimba. M'menemo asanganikirana ndi nkhungu ya oilo imene kiranki imwaza pozungulira. Zonsezi zifuna njira yotulukira, ndipo njirayo ndiyo mphuno.

MPHUNO IKATSEKEKA

Mnyamata wina wa kabaza anaona kapaipi kaja kalikudontha oilo pa bwalo. Anayesa kuti njinga yache yaboola, natenga kamtengo nakakhomera pa kamwa pa paipiyo. Akulu anamchenjeza, koma iye anati oilo ngwodula. Masiku sanapite ambiri, oilo anayamba kutuluka pa gasiketi, pa silo ya kumbuyo kwa giya ya tcheni, ndi pa kamtengo koyezera pomwe. Pofuna kusunga madontho owerengeka, anamka kukapasulitsa injini, njinga nikhala osagwira nchito, ana nagona ndi njala. Mtsinje wa tinkanena unathera mu siizi.

Chimene chinachitika nchapoyera. Mpweya wosowa potulukira udzifunira wokha njira, nukankha oilo pa malo ali onse ofooka. Njinga yaing'ono yonga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1975, ndi zina zambiri zotengera mapangidwe ache, zisunga oilo pafupifupi lita imodzi yokha. Akatayika theka, injini itentha, zitsulo zidyana, ndipo tsiku lina pisitoni iuma m'silinda pakati pa ulendo. Mphuno itsekekanso mwini wache osadziwa: paipi ikapindika, ikapanidwa ndi mpando kapena katundu, ikalowa matope, kapena ikasungunuka pa ekizozi nimatana.

MPWEYAWO UMKA KUTI?

Kale opanga njinga ankangoutayira kunja. Pa njinga zambiri zakale za ku England paipi ankailozetsa pa tcheni, kuti madontho a oilo azidzoza tcheniyo. Koma magalimoto atachuluka m'mizinda ikuluikulu, anthu anayamba kubvutika ndi chifunga chowawa m'maso, makamaka ku Los Angeles m'dziko la America. Katswiri wina, Arie Haagen-Smit, anaonetsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti chifungacho chibadwa pamene dzuwa liomba pa utsi wa magalimoto ndi wa mafakitale. Kuyambira m'chaka cha 1961 magalimoto atsopano a ku California anayamba kubwezera mpweya wa m'mimba ku injini kuti ukapse, ndipo pambuyo pache nzeru imeneyi inafika ndi pa njinga za moto.

Chifukwa chache pa njinga zambiri za masiku ano mphuno ilowa m'bokosi la eyakilina, m'mene muli sefa ya mpweya. Utsi ubwerera ku injini nupsa, koma oilo ndi madzi zitsalira pansi pa bokosi. Pa njinga zina pali kapaipi kena kolendewera pansi pa bokosilo, kokhala ndi chotsekera kumapeto kwache. Kameneko nkotayira: muchotse chotsekera, mukhetsere zam'katimo m'chitini, nimutsekenso. Chitani chotero kawirikawiri, makamaka nyengo ya dzinja ndi pamene njinga yathamanga kwambiri. Ngati njinga yanu inabwera chomwecho ndipo iri bwino, musasinthe kanthu. Amene anaipanga anayesa kale.

MALANGIZO A KAYENDETSEDWE KA PAIPI

Paipi ikang'ambika, kapena bokosi la eyakilina likasweka, mwini njinga akakamizidwa kuika ina. Pamenepo asunge malangizo awa.

1. Paipi ikhale ya mphira yopirira oilo ndi kutentha. Paipi yothirira m'dimba ifewa, niphwafuka, nitseka njira.

2. Isachepe kuposa kamwa kamene itulukirapo pa injini. Mphuno yopapatiza iri ngati ya munthu wa chimfine.

3. Potuluka pa injini iyambe yakwera m'mwamba, kuti oilo amene wanyamulidwa ndi mpweya abwerere yekha m'mimba. Pasakhale pokhota modzidzimutsa, kapena potsika ndi kukweranso pamene madzi angadikhe.

4. Italikirane ndi ekizozi, ndi tcheni, ndi ziri zonse zoyenda. Muimange ku felemu molimba koma mosaifinya.

5. Mapeto ache asaloze ku tayala la kumbuyo kapena ku buleki. Ili ndilo langizo lalikulu koposa onse. Oilo pa tayala agwetsa njinga pokhota, ndipo buleki yonyowa ndi oilo sigwira. Pa mpando wa kumbuyo pakhala mai wobereka mwana, kapena nkhalamba yomka ku chipatala.

6. Mapeto ache asalendewere pansi penipeni. Mphuno ituluka mpweya, komanso ikoka mpweya pisitoni ikakwera. Mukaoloka mtsinje kapena dambo paipi iri m'madzi, injini ingathe kumwa madziwo, makamaka pamene yazima pakati pa mtsinje niyamba kuzizira. Oilo akayera ngati chambiko mutaoloka, msintheni tsiku lomwelo.

7. Ngati paipi sibwerera ku eyakilina, mapeto ache akhale ndi kasefa. Pfumbi la m'misewu yathu m'mwezi wa October likalowa m'oilo lisanduka ngati mchenga wotsukira miphika, nilipala zitsulo.

Musasokoneze mphuno ya injini ndi timapaipi tating'ono ta pa kabuleta, timene titaya petulo wosefukira. Nato tifuna kukhala totseguka, koma nchito yache njina. Ndiponso njinga zimene zitentha oilo pamodzi ndi petulo, zonga Yamaha DT125, mimba yao njotsekeka dala, pakuti petulo adzera m'menemo. Pa izo popumira pali pa bokosi la magiya pokha.

KACHITINI KOLANDIRA OILO

Pa mipikisano ya njinga malamulo saloleza kuti paipi idonthetse oilo pa msewu, pakuti dontho la wina ligwetsa mnzache wa pambuyo. Chotero paipi ithera m'kachitini kapena m'bokosi lotsekeka. Nzeru yomweyo ithandiza munthu wa kumudzi amene bokosi lache la eyakilina linaonongeka, kapena amene sefa yache inyowa ndi oilo kawirikawiri.

Kachitiniko kakhala pakati pa njira ya paipi. Mpweya ulowa pa khomo lina, nkhungu ya oilo igunda m'zipupa nigwa pansi, ndipo mpweya utuluka pa khomo lachiwiri, kumka ku eyakilina kapena ku kasefa. Mvetsetsani ichi: makomo akhale awiri. Chitini cha khomo limodzi chiri chimodzimodzi ndi kamtengo ka mnyamata uja. Khomo lotulukira likhale pamwamba, lisachepe kuposa lolowera, ndipo paipi yolowa isafike pansi pamene ingamire m'zimene zasonkhana, kuopa kuti injini ingazikokenso. Ena aika waya wosachita dzimbiri m'katimo kuti agwire nkhungu. Nkwabwino, pokhapo wayayo asakhale woyoyoka. Kachitini kakhale kachitsulo kapena ka pulasitiki wolimba wopirira kutentha, koimirira chiriri, komangidwa ku felemu, ndi pa malo pamene dzanja lifika msanga. Botolo la galasi lisweka pa msewu wa miyala, ndipo botolo lopepuka la zakumwa lifota ndi kutentha. Kachitini kodzala katseka mphuno. Chotero muzikayang'ana tsiku liri lonse limene muyang'ana oilo.

ZIMENE KACHITINI KANENA

Monga sing'anga wa ku chipatala adziwa nthenda poyang'ana makhololo, momwemonso mwini njinga adziwa za injini poyang'ana m'kachitini. Madzi pang'ono otuwa ngati thobwa si bvuto. Achuluka nyengo yozizira ndi pa maulendo afupiafupi, pamene injini sitentha mokwanira kuumitsa nthunzi. Oilo weniweni wambiri anena chimodzi cha ziwiri: kapena munathira oilo wopitirira muyeso, kapena maringi atha. Yambani mwayeza oilo njinga itaima chowongoka pa malo osalala. Ngati muyeso uli bwino, koma ku ekizozi kutuluka utsi wobiriwira ndipo njinga ilefuka pa chitunda, pitani kwa makaniko. Kachitini sikachiza maringi. Kangolandira misozi yao. Zam'katimo zikanunkha petulo kwambiri ndipo oilo wa m'injini akuoneka wochuluka ndi wopyapyala, kabuleta ikusefukira. Zolowerani kutseka kampopi ka petulo njinga ikaima, nimukakonzetse. Pamene mwakayika funsani, pakuti safunsa anadya phula.

KOTAYA ZAM'KACHITINI

Musazibwezere m'injini, pakuti ziri ndi madzi, petulo ndi zonyansa zodya zitsulo. Musazitaye pafupi ndi chitsime, mjigo, mtsinje kapena dimba. Oilo pang'ono aononga madzi ambiri. Musazipake pa bala la munthu kapena la ng'ombe, monga achitira ena, chifukwa oilo wogwira kale nchito ali ndi zinthu zoipitsa khungu, zina mwa izo zoyambitsa khansa. Inu amai, yang'anirani kuti zisasungidwe m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire. Sungani m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi moto, nimuzipereka pamodzi ndi oilo wakale kwa amene asonkhanitsa. Malemu Papa Francis, m'kalata yao yotchedwa Laudato si' ya m'chaka cha 2015, anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wathu tonse, woyenera kuusamala. Chisamaliro chimenecho chiyambira pa bwalo pathu pomwe.

MAU OTSIRIZA

Lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha ndi mkondo kokha iai. Liletsanso kuika moyo wa mnzathu pa ngozi chifukwa cha ulesi kapena umbombo. Amene alandira ndalama kuti anyamule munthu walandiranso udindo wa kumfikitsa wamoyo. Nkwabwino kupachika medalo ya Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, ndi kudalitsitsa njinga kwa Abambo. Koma dalitso sililowa m'malo mwa maso ndi manja amene Mulungu anatipatsa.

Tsono inu anyamata, Loweruka likudzali, mutatsuka njinga, gwadani pambali pache, mulondole kapaipi kaja ndi chala kuyambira pa injini kufikira kumapeto kwache. Onani ngati kapindika, ngati kang'ambika, ndi kumene kaloza. Inu makolo, afunseni ana anu ngati achita chotero. Mulungu akusungeni nonse pa maulendo anu, ndipo Amai Maria akupempherereni.