Chifukwa Chake Ndudu ya Magetsi Iphulika

Dziko lathu la Malawi lidziwika ndi fodya. Chaka ndi chaka malole odzaza mabelo amandanda pa msewu wa ku Kanengo kudikira okushoni, ndipo ambiri a ife pano pa sukulu fizi yathu ichokera m'mabelo omwewo. Koma tsopano mu mzinda uno wa Lilongwe mwafika fodya wa mtundu wina wosafuna machesi. Anyamata ena a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 amaoneka atagwira kachitsulo konga cholembera chachikulu, nakaika pakamwa, kenaka n'kutulutsa chiutsi choyera chonunkhira ngati maswiti. Kachitsuloko akatcha vape, koma ife tingoti ndudu ya magetsi. Za kuipa kwa nikotini m'thupi alembe ena. Ine ndifuna kufotokoza za batire limene lili m'katimo, pakuti ndilo lavulaza anthu koopsa m'maiko ena, ndiponso batire la mtundu womwewo lili m'matochi ndi m'mapawabanki athu ku hositelo.

Ndudu ya magetsi monga tiidziwa lero anaipanga Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kukamvetsa. M'kati muli kawaya kopotedwa ngati sipuling'i, kamene akatcha koyilo, ndipo pakati pake pamadutsa thonje lonyowa ndi timadzi tosakaniza ndi nikotini. Magetsi akadutsa m'kawayako kamatentha, monga momwe ichitira mbaula ya magetsi kapena simbi yositira, ndipo timadzi tija tisanduka nthunzi. Waya wake kawirikawiri ndi Kanthal, ndiye chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, kapena nichrome.

Zambiri mwa ndudu zimenezi zili ndi kamakina kakang'ono kolondera magetsi. Zinthu zikalakwika kamakinako kamadula magetsi msanga, monga fyuzi ya m'nyumba. Koma ulipo mtundu wina wotchedwa mechanical mod, umene mulibe mlonda aliyense. Ndi chubu cha chitsulo chabe, batire m'kati, koyilo pamwamba, batani pansi. Munthu akadina batanilo batire lilumikizana ndi koyilo mwachindunji, ndipo palibe choletsa magetsi kutuluka mopitirira muyeso. Eni ake amapota okha koyilo ndi manja. Pamenepa ndi pamene phunziro lathu la Physics lisanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4 mukumbukira lamulo la Ohm, limene Georg Ohm wa ku Germany analilemba mu 1827. Litero kuti kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, ndiwo ma ampere, tikupeza pogawa ma volt ndi ma ohm. Ma ohm ndiwo muyeso wa mmene waya akanizira magetsi kudutsa. Waya woonda ndi wautali akaniza kwambiri, waya wonenepa ndi waufupi akaniza pang'ono, monga paipi yaikulu ipititsa madzi ambiri kuposa yaing'ono.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Batire la ndudu zimenezi litchedwa 18650, chifukwa m'mimba mwake ndi mamilimita 18 ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 65. Likadzaza bwino likhala ndi ma volt 4.2. Munthu akapota koyilo ya ohm 1, batire litulutsa ma ampere 4.2. Akapota ya 0.5 litulutsa 8.4. Akapota ya 0.2 litulutsa 21, ndipo akatsikira pa 0.1 litulutsa 42. Taonani kusiyana kwake! Kuchokera pa 0.2 kufika pa 0.1 ndi kanthu kochepa koti maso sangaone pa waya, koma katundu wa batire wawirikiza kawiri. Ndiponso ofuna utsi wambiri amaika makoyilo awiri mogundizana, ndipo awiri a 0.4 aliyense akhala ngati mmodzi wa 0.2. Woiwala zimenezi amaganiza kuti wasenzetsa batire theka la katundu amene walisenzetsadi.

Batire lililonse lili ndi malire ake, monga ng'ombe za pa ngolo zili ndi matumba amene zingakoke. Mwachitsanzo, batire la Samsung 25R analipanga kuti lizitulutsa ma ampere 20 mosalekeza. Kotero koyilo ya 0.2 yalipitirira kale malire, ndipo ya 0.1 ndi kusenzetsa ng'ombe ziwiri katundu wa ng'ombe zinayi. Ng'ombe ikatopa imangogona pansi, koma batire lotopa limatentha. M'kati mwake muli timapepala tiwiri ta mphamvu topindidwa pamodzi, tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala koposa tsitsi la munthu, ndipo zonsezo zanyowa ndi madzi oyaka moto. Kutentha kukakula kapulasitiki kaja kasungunuka, timapepala tigundana, kutentha kuwonjezeka, ndipo kuyambira pamenepo palibe angaliletse. Mpweya wotentha utuluka mwamphamvu. Ngati batire lili m'chubu cha chitsulo chopanda tizibowo topumira, chubucho chiphulika ngati mfuti, ndipo kumbukirani kuti chili pakamwa pa munthu.

Izi si nthano iyayi. Bungwe la boma la America loona za moto, U.S. Fire Administration, linawerenga ngozi 195 za ndudu za magetsi zoyaka kapena kuphulika m'dzikolo kuyambira 2009 kufikira 2016. M'mwezi wa May 2018 bambo wina wa ku St. Petersburg, m'chigawo cha Florida, anafa zidutswa za mechanical mod zitalowa m'mutu mwake. Ndi chifukwa cha mabatire omwewa kuti ndege sizilola ndudu ya magetsi m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege, kumene moto ungayake popanda wouona. Wokwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ayenera kuinyamula m'chikwama cha m'manja.

Koma kuno kwathu vuto lili ndi mbali ina imene ndiyesa iposa zonse. Masamu tawerengawa agwira ntchito pokhapokha ngati zolembedwa pa batire zili zoona. Pitani mu msika waukulu wa ku Old Town kapena m'timasitolo ta zamagetsi ta mu msewu wa Malangalanga, mukaone mabatire ogulitsidwa pamodzi ndi matochi. Ena alembedwa manambala aakulu onga 6800 kapena 9900 mAh, ndiwo muyeso wa mphamvu imene batire lisunga. Chikhalirecho 18650 weniweni wabwino asunga pafupi 3500 basi. Lolembedwa 9900 likunama, ndipo lonama pa chinthu chimodzi tingalikhulupirire bwanji pa malire a ma ampere? Mabatire ena ndi ochotsedwa m'malaputopu akale n'kuvekedwa chikutiro chatsopano. Amenewo anapangidwira magetsi ochepa, ndipo akalamba kale. M'tochi angathe kugwira ntchito miyezi ingapo osavuta, pakuti tochi ifuna ampere imodzi kapena awiri, koma kuliika limodzi la iwo pa koyilo ya 0.2 ndi kuputa dala tsoka. Ngakhale pa mabatire enieni, losunga mphamvu yambiri kawirikawiri malire ake a ma ampere akhala otsika, kotero nambala yaikulu pa chikutiro si chizindikiro cha kulimba.

Chikutiro cha pulasitikicho anthu amachiyesa chokongoletsa chabe, koma ndicho chovala chotchinjiriza. Thupi lonse la chitsulo la batire ndi mbali ya negative, ndipo positive ndi kabatani ka pamutu kokha. Pamutupo mbali ziwirizi zayandikana kwambiri. Chikutiro chikang'ambika, chitsulo chilichonse chingazilumikize. Munthu aika batire lapadera m'thumba la buluku mmene muli makiyi ndi makobiri a K10, akwera minibasi ya ku City Centre, anthu apanikizana, kiyi igunda mbali zonse ziwiri. Apo ma ohm ali pafupi ndi ziro, ndipo lamulo la Ohm litiuza chimene chitsatira. Ngozi zambiri za ku America zija zinachitikira m'thumba momwemo, anthu napsa ntchafu ndi manja. Batire lapadera likhale m'kabokosi kake ka pulasitiki, ndipo long'ambika chikutiro, lophwanyika kapena lotupa lisagwiritsidwenso ntchito.

Ife pano kusuta nkoletsedwa, ndipo wopezeka ndi ndudu ya mtundu uliwonse adziwa yekha njira ya ku ofesi ya ahedi. Koma mabatire a lithium tili nawo ndithu, makamaka popeza magetsi amazimazima ndipo pokonzekera mayeso aliyense afuna tochi yake. Chimene ndimaona ku hositelo ndi ichi: magetsi akangobwera anthu athamangira soketi imodzi, nabisa pawabanki pansi pa pilo kuopa akuba, n'kugona. Batire limafunda potchaja, ndipo pansi pa pilo kutenthako kulibe kothawira. Matiresi athu ndi a siponji, amene akagwira moto satenga nthawi. Ndi bwino kutchaja masana, pa simenti, pamene maso akuona. Dzuwa la mwezi wa October nalonso ndi mdani wa batire, kotero tisalisiye pa zenera kapena m'galimoto yotseka.

Batire likayamba kutentha koti dzanja silingapirire, kapena kulira ngati njoka ndi kununkha mankhwala, liikeni panja pa mchenga kapena pa simenti kutali ndi zoyaka, nimutalikire, chifukwa utsi wake ndi woipa. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pa balapo kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mupite naye msanga ku chipatala. Kwa ife a mu Lilongwe chachikulu ndi Kamuzu Central. Batire lakufa musalitaye kudzala la kuseri kwa hositelo, pakuti tsiku lotentha zinyalala liphulika pamene wina waima pafupi ndi ndodo yake akusonkhezera moto.