Mwana wosiya sukulu sanatayike: khomo lachiwiri lilipo

Pamene Asilamu akutuluka mumzikiti pambuyo pa swala ya Fajr, magombe a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amakhala atadzaza kale. Pakati pa okoka makoka ndi oyanika usipa pamathandala pamapezeka anyamata a msinkhu wa pulayimale. Ena maganizo awo ali pa ulendo wa ku Joni. Kumudzi nako kuli atsikana omwe analeka sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati. Makolo ambiri amangoti za sukulu zinatha, chonsecho njira zobwererera zilipo.

Yoyamba ndi ya amene anasiyira m'makalasi apansi. M'chaka cha 2006 boma linayambitsa maphunziro a Complementary Basic Education, omwe ambiri amangoti CBE. M'madera momwe maphunzirowa alipo, ana amaphunzira maola ochepa patsiku pafupi ndi kwawo: kuwerenga, kulemba, masamu ndi luso lodzithandizira. Cholinga n'chakuti mwana abwerere kusukulu ya pulayimale n'kudzalemba mayeso a Sitandade 8.

Kwa atsikana, ndondomeko ya boma ya 1993 imalola amene anatenga mimba kubwerera m'kalasi akabereka. Komanso kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Amene anasiyira kusekondale angathe kulowa sukulu zamasana zotchedwa open, n'kulembetsa mayeso a MSCE kubungwe la Maneb monga wina aliyense.

Komabe kulembetsa n'kosavuta, chovuta ndi kumaliza. Mnyamata amene anazolowera kugwira ndalama kunyanja amachita manyazi kukhala pabenchi limodzi ndi ang'ono ake. Mayi wachitsikana amasowa womusiyira khanda. Wina amalimbikira chaka chonse, koma n'kulephera kulipira ndalama ya mayeso. Zopinga ngati zimenezi sizidikira boma lokha: agogo angathe kulera mdzukulu masana, mwalimu angathe kusintha nthawi ya madrasa kuti isawombane ndi ya kalasi, ndipo komiti ya mzikiti ingathe kupatula gawo la zakaat ndi sadaka kulipirira ana osauka.

Mwana amapirira akaona kumene akulowera. N'chifukwa chake nkhani ya ntchito iyenera kuyamba asanalembe mayeso. Bungwe la Teveta, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi ndi utelala. Ku Senga Bay kuli Salima Technical College, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'maboma. Kunyanja komweko ntchito zilipo: injini za maboti zimafuna makaniko, ndipo magetsi a sola amafuna wodziwa kulumikiza. Mmisiri wa mujamaa yathu atatenga wachinyamata mmodzi kumuphunzitsa Loweruka lililonse, wamutsegulira maso.

Chipembedzo chathu sichilekanitsa maphunziro ndi ntchito. Chivumbulutso choyamba kwa Mtumiki Muhammad (SAW) chinali lamulo lowerenga. Itatha nkhondo ya Badr, akaidi ena odziwa kulemba anapeza ufulu pophunzitsa ana khumi a ku Madina aliyense. Mneneri Dawud (AS), ngakhale anali mfumu, ankadya za thukuta lake posula zovala zankhondo zachitsulo. Choncho satifiketi ndi luso la manja ndi njira zopezera rizki la halali, osati zotsutsana ndi madrasa.

Ana ndi amana yomwe Allah anatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iwo. Bambo ndi mayi, ngati pakhomo panu pali mwana amene anasiya sukulu, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi kapena ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu mukafunse njira yomuyenera. Mukatero, mudziwitsenso Shehe ndi komiti ya mzikiti, kuti mtolowo musausenze nokha mpaka mwanayo atamaliza.