Mileme ya M'denga: Itulutseni Yamoyo, Tsekani Polowera

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yokhala ndi siling'i pa tauni yaing'ono ya alimi, kaya ndi ku Lizulu, ku Makwasa kapena ku Mponela, akulidziwa vutoli. Dzuwa likamapendeka, m'denga mumayamba kumveka kulira kwa tswii tswii ndi kupalasapalasa. M'mawa pakhonde pamapezeka tizitosi takuda tonga mpunga. Kukatentha, fungo limatsikira m'zipinda mpaka alendo kumafunsa ngati mwafera khoswe. Pakapita zaka, siling'i imathimbirira, imafutukuka, ndipo tsiku lina imagwa. M'nyumba za aphunzitsi, m'zipatala zazing'ono ndi m'matchalitchi athu ambiri, nkhani yake ndi yomweyi.

Munthu akatopa nazo amaganiza zopha. Koma amene anayesapo akudziwa kuti pakangotha miyezi yochepa phokoso lija limayambiranso. Chifukwa chake n'chapafupi: chimene chimaitana mileme ndi mpata umene uli padenga. Mukapha imene ilipo mpatawo n'kukhalabe, ina imabwera. Njira yothandiza ndiyo kuilola kuti ituluke yokha, pa nyengo yoyenera, kenako n'kutseka polowera.

Mlendo wa m'dengayu ndani?

Padziko lonse pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, ndipo m'Malawi muno muli mitundu yoposa 60. Mleme si mbalame. Uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo ndipo umayamwitsa. Si wakhungu, ngakhale kuti mitundu yodya tizilombo imadalira kwambiri makutu: imatulutsa mawu okwera kwambiri, ambiri mwa iwo osamveka kwa munthu, n'kumvetsera mmene akubwerera akagunda chinthu. Umu ndi mmene imagwirira kachilombo kouluka mumdima wandiweyani.

Mileme ikuluikulu imene timaiona pamitengo ya mango ndi yodya zipatso, ndipo kawirikawiri sikhala m'madenga. Ya m'denga ndi ing'onoing'ono, yodya tizilombo, makamaka ija ya mchira wotulukira kumbuyo ngati wa mbewa. Kwawo kwenikweni ndi m'mphako za mitengo ndi m'ming'alu ya matanthwe. Mitengo ikuluikulu ikamatha chifukwa cha makala, nkhuni ndi kutsegula minda, imasaka malo ena otentha, amdima, kumene kadzidzi ndi njoka sizifika. Pakati pa malata ndi siling'i ndi malo oterowo ndendende.

Tinenenso za mantha. Ena amati mleme ukalowa m'nyumba ndiye kuti watumidwa ndi mfiti, ena amati umayamwa magazi. Mitundu yoyamwa magazi ilipo itatu yokha, ndipo yonse ili ku Mexico, Central America ndi South America. Kuno ku Africa kulibe. Mleme wolowa m'chipinda nthawi zambiri umakhala utangosokera, kapena ndi mwana amene akuphunzira kuuluka.

Wantchito wa usiku wosalipidwa

Mleme wodya tizilombo umadya chakudya chochuluka poyerekeza ndi thupi lake. Waukazi woyamwitsa ukhoza kudya usiku umodzi tizilombo tolemera pafupifupi ngati iwo mwini. Pa zimene umadya pali agulugufe ausiku, amene mazira awo ndiwo amaswa mbozi zowononga chimanga, thonje ndi ndiwo zamasamba. Mlimi amene wakhala akulimbana ndi ntchemberezandonda akudziwa mtengo wa botolo limodzi la mankhwala opopera. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, ofufuza anapeza kuti mileme imadya tizilombo toboola mtedza wa makadamiya, mbewu yomwe imalimidwanso kwathu ku Thyolo. Imadyanso udzudzu, ngakhale kuti zimenezi sizilowa m'malo mwa kugona m'neti.

Mileme yodya zipatso nayo ili ndi gawo lake. Maluwa a mlambe ndi a mvunguti amatseguka usiku, ndipo mileme imanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Imamwazanso njere za mitengo kutali. Choncho pa tauni imene chuma chake chili m'munda, kupha mileme n'kudziwotchera nkhokwe.

Komabe sitingagone nayo nyumba imodzi

Chifundo sichitanthauza kungoisiya. Zitosi ndi mkodzo zikaunjikana zimawononga siling'i ndi mitengo ya denga. M'zitosi zokhalitsa mukhoza kumera nkhungu imene fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda otchedwa histoplasmosis. Zizindikiro zake zimafanana ndi za chifuwa chachikulu, ndipo amavuta kwambiri kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Pamalo pogona mileme pamakhalanso tizilombo tofanana ndi nsikidzi.

Palinso chiwewe. Anthu ambiri amene amadwala chiwewe amachitenga kwa agalu, koma mileme ina imakhala ndi tizilombo ta mtundu womwewo. Lamulo ndi limodzi: osagwira mleme ndi manja opanda magolovesi, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa chiwewe. Mano a mleme ndi aang'ono moti bala lake silioneka bwino, koma musalipepuse.

Njira zimene zimatipweteka tokha

Ena amafukiza utsi wa tsabola kapena wa matayala m'denga. Mitengo ya denga imakhala youma gwa, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira kutentha nyumba yonse. Ena amapopera mankhwala a mbewu, kapena kuika mapiritsi aja ofukizira chimanga m'matumba. Mpweya wa mapiritsi amenewa ndi poizoni woopsa. Umatsika m'zipinda ndipo ukhoza kupha anthu ali m'tulo. Komanso mileme yoledzera ndi mankhwala imagwa pabwalo, pamene ana, amphaka ndi agalu amaitola. Ngozi ya kulumidwa imakula m'malo mochepa.

Ena amangotseka mabowo masana mileme ili m'kati. Imafa pang'onopang'ono ndi njala ndi ludzu, fungo lake n'kukhala milungu ingapo, pamene ina posaka potulukira imatsikira m'zipinda zogona. Imeneyi ndi nkhanza, ndipo phindu lake palibe.

Nyengo ndiyo yoyamba kuiganizira

Mileme yambiri yodya tizilombo kuno imabereka mvula ikamayamba, cha mu Novembala ndi Disembala, pamene tizilombo tachuluka. Mitundu ina ya m'denga imaberekanso kachiwiri kapena kachitatu mpaka cha mu Epulo. Mayi amabereka mwana mmodzi, mitundu ina awiri. Anawo amabadwa osatha kuuluka, ndipo amatsala m'denga amayi awo akapita kosaka. Mukatsekera amayiwo kunja pa nyengo imeneyi, ana onse amafera m'kati.

Ndiye nthawi yabwino ndi ya chisanu, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene ana akuuluka okha. Mwamwayi, apa n'kuti zokolola zili m'nkhokwe, denga ndi louma, ndipo anthu ali ndi mpata.

Kachitidwe kake

Choyamba ndi kupeza polowera. Mutu umodzi susenza denga: pezani anthu anayi kapena kuposerapo, aliyense aime mbali yake ya nyumba dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndipo akhalepo kwa ola limodzi. Onani pamene mileme ikutulukira ndipo iwerengeni. Chitani zimenezi madzulo awiri kapena atatu. Masana yang'anani zizindikiro: zitosi pansi ndi pakhoma, komanso malo othimbirira ngati mafuta m'mphepete mwa bowo. Malo okayikitsa ndi pamene malata akumana ndi khoma, pamsonga pa denga, kuseri kwa thabwa la m'mphepete ndi m'mabowo olowera mpweya. Mpata wolowa nsonga ya chala chaching'ono ndi wokwanira kuti mleme udutse.

Chachiwiri, ikonzereni kopita. Bokosi la mileme limapangidwa ndi matabwa osapaka mankhwala, lotseka pamwamba, lotsegula pansi, ndipo m'kati mwake muli timipata ta masentimita 2 totalikirana ndi matabwa okhakhala kuti izitha kugwira. Likwezeni pa mtengo wozika kapena pakhoma la nyumba yosagonamo anthu, mamita 4 kapena kuposerapo, chifukwa mileme imeneyi imayamba yadzigwetsa kenako n'kuuluka. Liikeni milungu ingapo ntchito isanayambe. Nthawi zina imachedwa kulowamo, koma popanda bokosi imangosamukira kwa aneba.

Chachitatu, tsekani mabowo onse amene mileme sikugwiritsa ntchito, pogwiritsa ntchito simenti, matabwa kapena waya wa sefa. Siyani okhawo amene munaiona ikutulukira. Tsekaninso ming'alu ya siling'i kuti isatsikire m'zipinda.

Chachinayi, pa mabowo otsalawo ikani khomo lotulukira lokha. Dulani sefa wofewa wa pawindo kapena pulasitiki yolimba, muikhomere pamwamba pa bowo ndi m'mbali mwake, koma pansi musiye potsegula, italendewera masentimita 50 kapena 60 kupitirira bowolo. Mleme potuluka umatsetsereka n'kugwera kunja. Pobwerera umalunjika pa bowo limene ukulidziwa, n'kupeza pali chotchinga, ndipo sudziwa kuzungulira kunsi. Njira ina ndi kulowetsa pabowo paipi ya pulasitiki yosalala, yotakata masentimita 5 ndi yotalika masentimita 25, yoloza pansi, n'kumata m'mbali mwake. Mleme umatsetserekamo koma sungakwere. Musamange sefa mothina kwambiri, kuopa kuti ingakodwe.

Chachisanu, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si mileme yonse imene imatuluka usiku uliwonse, makamaka kukazizira, choncho siyani zotchingazo kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Imaninso panja madzulo. Mukaona kuti palibe ukutuluka ndipo m'denga muli zii, chotsani zotchingazo ndi kutseka mabowowo nthawi yomweyo, kusanade.

Chomaliza ndi kuyeretsa. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa chogwira bwino, magolovesi ndi zovala zoti muchape mukangomaliza. Wazani madzi pa zitosi kuti fumbi lisabuke, kenako muzikokolole n'kuika m'matumba. Osasesa zouma. Ana, odwala ndi amayi oyembekezera asakhale pafupi. Zitosizo musataye: ndi manyowa amphamvu, ndipo zikasakanizidwa mu kompositi zimathandiza kudimba. Poyenda m'denga pondani pa mitengo, osati pa siling'i, ndipo makwerero agwiridwe ndi munthu wina.

Nanga mleme umodzi ukalowa m'chipinda? Tulutsani ana, tsekani zitseko zopita kuzipinda zina, tsegulani mawindo, zimitsani nyale ndipo khalani chete. Kawirikawiri umatuluka wokha. Ukatera pakhoma, valani magolovesi okhuthala, uvundikireni ndi kabokosi, lowetsani katoni kunsi kwake, ndipo kukada muuike pa nthambi yokwera. Kumene mileme yachuluka kwambiri, monga m'denga la sukulu kapena la chipatala, ndi bwino kufunsa akatswiri. Bungwe la African Bat Conservation limagwira ntchito yotereyi m'dziko muno.

Kodi Mkhristu zikumukhudza bwanji?

Wina anganene kuti Baibulo lomwe limati mleme ndi wodetsedwa. N'zoona kuti pa Levitiko 11:19 ndi pa Deuteronomo 14:18 mleme uli m'gulu la zouluka zosayenera kudyedwa, ndipo ife Aadiventi timasunga malangizo amenewa. Koma lamuloli likunena za chakudya. Pa mndandanda womwewo pali kadzidzi ndi muimba, ndipo wina amatha makoswe, wina amayeretsa dziko. Chosadyedwa chili ndi ntchito ina imene Mlengi anachipatsa.

Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa udindo wolima ndi kusunga munda. Pa Deuteronomo 22:6-7 Mulungu anaika lamulo loteteza mbalame yaikazi yopezeka pachisa ndi ana ake. Ngati Iye anaganizira chisa cha m'mbali mwa njira, ife sitingatsekere amayi kunja ana awo n'kumafera m'denga mwathu chifukwa choti talephera kudikira miyezi ingapo. Sabata lililonse timakumbukira kuti Iye ndiye analenga zonse, ndipo mmene timachitira ndi zolengedwazo m'masiku ena asanu ndi limodzi ndi mbali ya chikumbutso chomwecho.

Ophunzira anzanga, ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala m'nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za abusa pa matauni ang'onoang'ono omwewa. Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri: sefa, misomali, simenti pang'ono, makwerero ndi anthu odekha. Achinyamata a mumpingo ndi ma Pathfinder angathe kuigwira pamodzi ndi madikoni, kuyambira pa denga la tchalitchi, kenako pa nyumba za agogo amene sangathe kukwera okha. Tchuthi cha nyengo yozizira chikafika, kaimeni panja dzuwa likamalowa, muwerenge imene ikutuluka padenga la kwanu.